Mwasankha Bhishma, Mayi, Koma Tamvani Zimene Adachita Tsiku la Njuga

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mphunzitsi wamkulu pa sekondale yoyendera. Andilola kuti ndiwayankhe poyera, bola ndisatchule dzina lawo kapena la sukulu. Mwachidule, kalata yawo ikuti:

"Ndinapita ku maphunziro a utsogoleri. Amene ankatiphunzitsa, bambo wochokera ku India, anationetsa zithunzi za anthu a m'nkhani yakale ya kwawo yotchedwa Mahabharata, aliyense ndi khalidwe lake. Arjuna ndi kuika mtima pa chinthu chimodzi, Bhima ndi mphamvu, Yudhishthira ndi kunena zoona, Karna ndi kuwolowa manja, Bhishma ndi kusunga lumbiro. Anati aliyense asankhe amene akufanana naye kuti azimutsanzira. Ine ndinasankha Bhishma, chifukwa ndagwira ntchito zaka zoposa 20 osakanganapo ndi abwana anga ngakhale kamodzi. Ndiye ndili ndi mafunso awiri. Kodi zimenezi zimamuthandizadi munthu kukula mumtima, kapena ndi masewera a ku wekishopu chabe? Komanso ine ndine mayi wa Mvano. Kodi sikupembedza milungu yachilendo kumeneku?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo poti yankho lake ndi lalifupi. Kuwerenga nkhani ya anthu a chipembedzo china n'kutolapo nzeru si kugwadira milungu yawo. Pa Machitidwe 17:28, Paulo ali ku Atene adatchula mawu a alakatuli achigiriki kuti omvera ake amumvetse, ndipo pa Machitidwe 7:22 Stefano akuti Mose adaphunzira nzeru zonse za Aejipito. Palibe mwa iwowa amene adataya chikhulupiriro. Chimene ndingakupempheni n'chakuti muzikumbukiranso eni nkhaniyo. Kwa Mhindu, Krishna amene akupezeka m'menemo ndi Mulungu amene amamupembedza m'kachisi, ndipo nkhaniyi amaimva ali mwana pamiyendo ya agogo ake. Tiziigwira mwaulemu womwe timafuna kuti ena azigwirira Baibulo lathu. Ngati chikumbumtima chanu chikukanabe, musachikakamize. Ntchito yomwe ndikufotokozereniyi mutha kuigwira ndi Davide, Eli kapena Pilato.

Funso loyambalo ndiye lofunika kukhalirapo pansi. Inde, anthu a m'nkhani zakalezi atha kumuumba munthu, koma osati m'njira imene anakupatsirani. Kutenga munthu wa m'nkhani yaitali chonchi n'kumumata khalidwe limodzi labwino pamphumi kuli ngati kukhuthula mankhwala n'kupatsa wodwala botolo. Amene adapeka Mahabharata sadafune kutipatsa anthu oti tiziwasirira basi. Pafupifupi ngwazi iliyonse m'menemo ili ndi tsiku limene idagwa, ndipo nthawi zambiri chimene chidaigwetsa ndi khalidwe labwino lomwe lija limene amaitamanda nalo. Mtsogoleri akafuna kupindula, pamenepo ndi pamene ayenera kuyang'anitsitsa.

Mahabharata ndi ndakatulo ya m'chinenero cha Sanskrit, ndipo mwambo wa ku India umati adaipeka ndi mkulu wanzeru Vyasa. Akatswiri amati idakula pang'onopang'ono, m'kamwa mwa oimba ndi m'manja mwa alembi, kuyambira cha m'ma 400 Yesu asanabadwe mpaka cha m'ma 400 atabadwa. Ili ndi mabuku 18 ndi ndime pafupifupi 100,000, ndipo kutalika kwake kumaposa Baibulo lonse kawiri. Pamene akatswiri a ku Bhandarkar Oriental Research Institute mumzinda wa Pune adaganiza zoyerekeza zolemba pamanja zakale kuti apeze mawu amene zonse zimagwirizana, ntchitoyo idawatengera kuyambira 1919 mpaka 1966. Zithunzi zisanu zimene munaona pakhoma zija zidachokera m'nkhani yaikulu chotero.

Pakatikati pake pali mkangano wa banja limodzi. Dhritarashtra, yemwe anali wamkulu, adabadwa wosaona, choncho ufumu wa ku Hastinapura udapita kwa mng'ono wake Pandu. Pandu adamwalira msanga n'kusiya ana aamuna asanu otchedwa a Pandava: Yudhishthira, Bhima, Arjuna, ndi mapasa Nakula ndi Sahadeva. Dhritarashtra anali ndi ana aamuna 100, a Kaurava, wamkulu wawo Duryodhana. Ana a bambo wamkulu ndi ana a bambo wamng'ono, okulira pakhomo limodzi, ophunzira kwa mphunzitsi mmodzi, adathera kuphana masiku 18 pa chigwa cha Kurukshetra, malo amene alipo mpaka lero m'chigawo cha Haryana, kumpoto kwa Delhi.

Tsopano Bhishma wanuyo. Iyeyu ndi agogo a mbali zonse ziwiri. Dzina lake loyamba linali Devavrata, ndipo ndiye ankayenera kulowa ufumu. Bambo ake, mfumu Shantanu, adakonda Satyavati, mwana wa msodzi, koma msodziyo adati mwana wake sangamupereke pokhapokha atamulonjeza kuti mdzukulu wake ndiye adzakhale mfumu. Devavrata ataona bambo ake akufooka ndi chisoni adapita yekha kwa msodziyo, nalumbira kuti sadzakhala pampando wachifumu, ndiponso kuti sadzakwatira moyo wake wonse, kuopa kuti angadzabereke mwana wolimbirana ufumu. Lumbiro limeneli sadaliphwanye mpaka imfa. Apa mphunzitsi wanu uja ananena zoona, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene mtima wanu unathamangira kwa mkuluyu. Anthu osasintha mawu ndi osowa.

Koma tamvani za tsiku la njuga.

Duryodhana adakaona mzinda wa Indraprastha umene a Pandava adamanga, nabwerako mtima ukuwawa ndi nsanje. Malume ake Shakuni, katswiri wa njuga yoponya timiyala, adamuuza kuti nkhondo njosafunika, angomusiyira iyeyo. Adaitana Yudhishthira, munthu wodziwika kuti sanama, koma wokonda njuga asakuidziwa bwino. Bwalo lidadzaza. Mfumu yosaona ija inalipo, Bhishma analipo, mphunzitsi Drona analipo, mafumu ndi nduna. Yudhishthira adabetcha ngale ndi golide, zidapita. Njovu, magaleta, ng'ombe, antchito, dziko lenilenilo, zonse zidapita. Adabetcha ang'ono ake mmodzimmodzi kuyambira Nakula, kenako adadzibetcha yekha. Atatsala manja lende, Shakuni adamukumbutsa kuti pakadali Draupadi, mkazi amene abale asanuwo adakwatira pamodzi. Adamubetcha. Nkhaniyi imati mfumu Dhritarashtra, m'malo moletsa, ankangofunsa mobwerezabwereza ngati ana ake apambana, osatha n'komwe kubisa chimwemwe chake.

Draupadi anali kuchipinda cha amayi, ali kumwezi, atavala nsalu imodzi yokha. Mthenga atabwera kudzamuitana, iye adamubweza ndi funso: pita ukamufunse wanjugayo, adayamba kutaya ndani, iye mwini kapena ine? Ngati anali atadzitaya kale ndiye kuti anali kapolo, nanga kapolo angabetche bwanji munthu wina? Yudhishthira adangokhala duu. Pamenepo Dushasana, mng'ono wa Duryodhana, adalowa n'kumukoka tsitsi mpaka pabwalo, mlamu wake weniweni, pamaso pa apongozi ndi agogo. Draupadi adabwereza funso lake, tsopano molunjika kwa akuluakuluwo.

Bhishma adayankha. Adati chilungamo n'chinthu chobisika, chovuta kuchigwira. Mbali ina, munthu wopanda kanthu sangabetche cha wina. Mbali inanso, mkazi ali pansi pa mwamuna wake. Choncho iyeyo sangathe kugamula. Munthu amene ankhondo onse a m'dzikomo ankamuopa, amene akadangodzuka pampando wake zonsezo zikadathera pomwepo, adasankha kufotokoza kuvuta kwa funsolo mayi ali chiimire patsogolo pake tsitsi lili m'manja mwa mlamu wake.

Amene adalankhula anali anthu awiri opanda mphamvu. Mmodzi ndi Vidura, bambo wamng'ono wa onsewa koma wobadwa kwa mdzakazi, amene anali atachenjeza kale kuti njugayi idzawononga banja. Wina ndi Vikarna, mmodzi mwa ana 100 aja, amene adaimirira n'kupempha mafumu kuti ayankhe funso la mlamu wake. Onse atangoti zii, adanena yekha kuti iye akuona kuti Draupadi sadapambanidwe, popeza womubetchayo anali atadzitaya kale, ndiponso maganizo omubetchawo adachokera kwa Shakuni. Amene adamukhazika pansi ndi Karna, yemwe uja anakuuzani kuti ndi wowolowa manja. Adamukalipira kuti mwana asaphunzitse akulu, natukwana Draupadi kuti mkazi wa amuna ambiri ndi wachiwerewere, nalamula kuti amuvule. Dushasana adayamba kukoka nsalu ija, koma nkhaniyi imati akakoka, ina inkaonekera m'malo mwake, mpaka adatopa n'kukhala pansi.

Pamenepo Vidura adakumbutsa bwalo chiphunzitso cha akale chimene ine ndimachitenga kukhala chofunika kwambiri kwa aliyense wokhala pampando. Choipa chikachitika pabwalo anthu osachidzudzula, theka la mlanduwo limagwera mkulu wa bwalolo, gawo limodzi mwa magawo anayi limagwera wochita choipayo, ndipo gawo lotsalalo limagwera amene adakhala chete. Mayi, werenganinso kagawidwe kameneko. Wapampando wasenza katundu woposa wa wolakwayo.

Bhishma adadzaulula yekha chimene chidamumanga. Patapita zaka 13, a Pandava atabwerako kumene adathamangitsidwira atagonjanso pa njuga yachiwiri, Duryodhana adakana kuwabwezera ngakhale midzi isanu, nati sapereka dothi lokwana pansonga ya singano. M'mawa wa tsiku loyamba la nkhondo, Yudhishthira adavula zida, nayenda wapansi kupita kumbali ya adani kukapempha madalitso kwa agogo ake. Bhishma adamudalitsa, namuuza poyera kuti munthu ndi kapolo wa chuma, ndipo kuti iyeyo chuma cha a Kaurava chamumanga. Adatsogolera asilikali a Duryodhana masiku 10 akudziwa bwinobwino kuti chilungamo chili kwa enawo. Atagwa, mivi inali itamulasa thupi lonse kotero kuti sadakhudze pansi, ndipo adagona pa mivi yomweyo usiku 58. Ali pamenepo adaphunzitsa Yudhishthira za kayendetsedwe ka dziko, malangizo odzaza mabuku awiri, ena mwa iwo abwino kwambiri. Nzeru anali nazo zonse, ndipo tsiku la njuga lija analinso nazo. Chimene adalephera ndi kudzuka.

Sindikunena kuti inu ndinu Bhishma wa tsiku limenelo. Sindikukudziwani, ndipo munthu amene wafunsa mafunso ngati anuwa ndi munthu wosamala. Koma mawu anu akuti zaka zoposa 20 osakanganapo ndi abwana ayenera kufunsidwa bwino, ndipo wowafunsa ndinu nomwe. Mwina munali ndi mwayi wa mabwana achilungamo okhaokha. Mwinanso panali masiku amene mkangano unkafunika.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa Fomu 3 wabwera ku ofesi kwanu akunjenjemera, akunena za mphunzitsi amene amamuitanira kunyumba madzulo. Mphunzitsiyo ndi amene amakhozetsa ana MSCE, komanso ndi mphwake wa wapampando wa komiti ya sukulu. Pamsonkhano wa aphunzitsi wina akuti umboni palibe, wina akuti atsikana a masiku ano ndi ovuta, wina akungoyang'ana foni. Mphunzitsi wamng'ono amene wayamba ntchito chaka chatha wakweza dzanja, ndipo wachiwiri wanu akumuuza kuti ayambe wakhalitsa kaye. Onse akudikira inu. Mawu amene angafike msanga pakamwa panu ndi akuti, "Nkhaniyi ndi yovuta, tiione bwino." Nthawi zina mawuwa amakhala oona, ndipo kufulumira kugamula kungapweteke munthu wosalakwa. Nthawi zina amakhala mawu a Bhishma, otanthauza kuti nkhaniyi sidzaonedwanso. Amene angasiyanitse ndi inu nokha. Munthu amene adaimva nkhani ya njuga mpaka kumapeto amawazindikira mawuwo asanatuluke, ndipo uku ndiye kukula mumtima kumene mukufunsaku.

Popeza ndinu mphunzitsi, sindingamudumphe Drona. Nkhani imene amaikonda ku maphunziro a utsogoleri ndi ya mbalame yosema imene Drona adaika pamtengo. Adafunsa ophunzira ake mmodzimmodzi kuti akuona chiyani. Ena adati mtengo, abale awo, mphunzitsi, mbalame. Arjuna adati akuona mutu wa mbalameyo basi, ndipo ndi yekhayo amene adaloledwa kuponya muvi. Phunziro lake ndi labwino ndipo ndi loona. Koma pafupi pomwepo, m'buku lomwelo, pali Ekalavya, mnyamata wa mtundu wa a Nishada, anthu a kunkhalango amene ankanyozedwa. Adapempha kuphunzira, Drona adamukana. Mnyamatayo adabwerera kutchire, naumba chifanizo cha Drona ndi dothi, nadziphunzitsa yekha patsogolo pake. Tsiku lina galu wa ana achifumu adamuuwa, ndipo iye adadzaza kamwa la galuyo ndi mivi isanu ndi iwiri asanatseke pakamwa. Arjuna ataona luso limeneli adadandaula kwa Drona kuti, paja mudandilonjeza kuti palibe wophunzira wanu adzandipose. Drona adapita kwa Ekalavya n'kumuuza kuti ngati ndi wophunzira wake alipire, ndipo malipiro ake ndi chala chachikulu cha kudzanja lamanja. Mnyamatayo adachidula n'kupereka.

Boma la India limapereka mphotho ya Arjuna kwa akatswiri a masewera kuyambira 1961, ndi ya Dronacharya, dzina lina la Drona, kwa makochi kuyambira 1985. Koma kwa Amwenye ambiri a mitundu yoponderezedwa ngwazi ya nkhaniyi ndi Ekalavya, ndipo boma lomwelo lidatcha dzina lake sukulu zogonera za ana a mitundu ya kunkhalango ndi kumapiri. Eni nkhaniyo akukanganabe za tsiku limenelo. Mphunzitsi aliyense ali ndi Arjuna wake, mwana wowala amene amamunyadira n'kumamupatsa mabuku a mu ofesi. Funso limene Drona amatisiyira ndi lakuti mwana uja wokhala kumbuyo, wochokera kutali wapansi, wofika mochedwa, tamulipiritsa chiyani kuti wokondedwa wathuyo akhalebe woyamba.

Ngati pali munthu m'nkhaniyi amene tingamuone akukula, ndi Yudhishthira, ndipo kukula kwake sikudayende mowongoka. Ndi yemweyu adabetcha mkazi wake. Ali kunkhalango, abale ake anayi adagwa n'kufa pa dziwe lina chifukwa adamwa madzi osayankha mafunso a mzimu wolondera dziwelo. Iye adapirira ludzu, nayankha mafunso onse. Mzimuwo utamuuza kuti asankhe m'bale mmodzi woti adzuke, sadasankhe Bhima kapena Arjuna, a mimba imodzi ndi iye, amene akadamuthandiza pankhondo. Adasankha Nakula, mwana wa Madri, mkazi wina wa bambo ake, nati mayi anga Kunti ali ndi ine, nawonso mayi enawo akhale ndi mwana wamoyo. Aliyense amene adakulira m'banja la mitala adziwa kulemera kwa chisankho chimenecho. Onse anayi adadzutsidwa.

Ukamva zimenezi umaganiza kuti munthuyu wapsa tsopano. Koma tsiku la 15 la nkhondo, Drona, amene ankamenyera mbali ya a Kaurava, atawavuta, a Pandava adagwirizana zomupusitsa. Bhima adapha njovu yotchedwa Ashwatthama, dzina lomwe linalinso la mwana wa Drona, n'kufuula kuti Ashwatthama wafa. Drona sadakhulupirire, nafunsa Yudhishthira podziwa kuti uyu sanama. Yudhishthira adavomera mokweza kuti Ashwatthama wafa, n'kunong'ona chapansipansi kuti njovu. Drona adataya zida, ndipo adamudula mutu. Nkhaniyi imati galeta la Yudhishthira, limene mpaka tsikulo linkayenda m'mwamba pang'ono osakhudza dothi, lidatera pansi. Mbiri ya kukhulupirika imene adaimanga moyo wonse ndi imene idapha mphunzitsi wake. Ndipo kumapeto kwenikweni, atalamulira zaka 36, atakwera mapiri a Himalaya n'kutaya mkazi wake ndi abale ake onse panjira, adakana kulowa kumwamba pokhapokha alowe ndi galu amene ankamutsatira, nati sangataye chinthu chimene chadalira iye. Munthu yemwe uja adabetcha abale ake ngati mbuzi. Kumulemba kuti "wonena zoona" basi ndi kumuchotsera zonse zimene angatiphunzitse.

Pali ngozi ina imene ndiyenera kukuchenjezani, ndipo mbiri ya India yomweyo ikuionetsa poyera. Mkati mwa Mahabharata muli Bhagavad Gita, ndime 700 m'mitu 18, pamene Arjuna, ataona agogo ake, mphunzitsi wake ndi abale ake kumbali ya adani, adagwetsa uta n'kukana kumenya nkhondo, ndipo Krishna, amene ankamuyendetsera galeta, adamuphunzitsa kugwira ntchito yake osakangamira zipatso zake. Mohandas Gandhi adayamba kuliwerenga bukuli ali ku London kuphunzira zamalamulo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Mu 1929, polemba mawu oyamba a kumasulira kwake m'Chigujarati, adafotokoza kuti nkhondo ya m'bukumo ndi chithunzi cha nkhondo yosatha imene imachitika mumtima mwa munthu aliyense, ndipo adati wopeka nkhaniyi adaonetsa kupanda pake kwa nkhondo powaliritsa opambanawo. Pa 30 January 1948 Gandhi adawomberedwa ku Delhi ndi Nathuram Godse. Podziteteza m'khoti, Godse adatchula Arjuna, amene adapha abale ake ndi Bhishma wolemekezeka yemwe, ngati chitsanzo chomulungamitsa.

Buku limodzi, anthu awiri. Gandhi adaika magulu onse awiri a nkhondo m'chifuwa mwake. Godse adadzitenga kukhala Arjuna n'kupeza mdani kunja. Apa ndi pamene masewera osankha ngwazi amandidetsa nkhawa, ngakhale oyambitsa ake amakhala ndi cholinga chabwino. Palibe amene amasankha Dhritarashtra. Palibe amene amakweza dzanja kuti ine ndine Shakuni. Aliyense amabwerera ku ofesi ali Arjuna kapena Krishna, ndipo posakhalitsa wachiwiri wake amene amamutsutsa uja amasanduka Duryodhana. Inu a Mvano mukuidziwa njira yabwino kuposa imeneyi. Pa 2 Samueli 12, Natani adafotokozera Davide za munthu wolemera amene adalanda kankhosa kamodzi ka mmphawi. Davide adapsa mtima n'kugamula mlandu, kenako Natani adamuuza kuti munthuyo ndi iye yemwe. Nkhani yakale imagwira ntchito mwa mtsogoleri pamene yamupeza pampando umene sankafuna kuti apezekepo.

Ndiye malangizo anga ndi akuti musasankhe munthu, sankhani bwalo. Tengani tsiku la njugali, mulidziwe bwino, ndipo pakutha pa sabata, kapena pambuyo pa msonkhano wovuta, dzifunseni kuti ndinakhala pampando wa ndani. Yankho lizisintha. Tsiku lina mudzapeza kuti munali Dhritarashtra, mukuteteza wokondedwa wanu mukudziwa kuti walakwa, monga Eli adachitira ndi ana ake. Tsiku lina mudzakhala Draupadi, akukuchititsani manyazi pamaso pa akuluakulu a kuboma, ndipo mudzakumbuka kuti iye, ngakhale ankalira, adafunsa funso limodzi lakuthwa limene palibe adatha kulizemba. Ndipo pafupifupi pa msonkhano uliwonse pamakhala Vikarna, wamng'ono amene wanena zimene akulu akuopa. Mphamvu yomuteteza muli nayo inu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala kuti wangotuluka kumene ku koleji. Lembani zimene mwapeza m'kabuku kanu, osaonetsa munthu, chifukwa zoterezi zikangolowa pagulu zimasanduka zodzionetsera.

Ngati mukufuna kuwerenga nokha, kumasulira kwa Chingerezi kwa Kisari Mohan Ganguli, kumene kudatuluka pakati pa 1883 ndi 1896, kumapezeka kwaulere pa intaneti. Chingerezi chake n'chakale, ndipo mukayambira tsamba loyamba mibadwo ya mafumu idzakutopetsani musanafike pena paliponse. Yambani ndi buku lachiwiri, Sabha Parva, chakumapeto kwake, pamene pali njugayo. Kenako lumphirani ku buku la 11, Stri Parva, pamene amayi akuyenda pa Kurukshetra kufunafuna mitembo ya amuna ndi ana awo, ndipo Gandhari, mayi wa a Kaurava, amene wataya ana onse 100 kuphatikizapo Vikarna, akumufunsa Krishna chifukwa chimene sadaletsere nkhondoyo pamene mphamvu anali nazo. Magawo awiriwa ndi aafupi, mutha kuwamaliza pa holide imodzi.